WOBVULALA ASAGONE CAGADA: LUSO LOPATSA MUNTHU MPWEYA ALI CAM'MBALI

Mseu wa Great North, ukacoka pa raundabauti ya Kabwe kumapeto kwa Cairo Road ndi kuloza kumpoto, upita m'mbali mwa Emmasdale usanafike ku bwalo lalikulu la masewera la Heroes. Mseu umenewu sugona tulo. Mupita malole olemera a ku Migodi ndi a ku Nakonde, mabasi akuluakulu a maulendo atali, timabasi todzala ndi anchito obwerera ku makomboni, ndiponso anthu apansi amene amadumpha mseu mothamanga, wina mtolo pamutu, wina mwana kumsana. Anthu a m'derali azolowera kumva kulira kwa mabuleki, ndipo akakumva amatukula mitu kuti aone ngati pali amene wagwa.

Ngozi ikacitika, anthu a mu Lusaka saima cabe ndi kupenya. Amathamanga, namturutsa wobvulala m'galimoto kapena kumcotsa pa tara, namgoneka cagada m'mbali mwa mseu. Wina amkupiza ndi citenje, wina amthira madzi kumaso, wina aimika vaneti. Amnyamula anthu anai, namuika kumbuyo kwa vanetiyo ali cagadabe, ulendo wa ku cipatala ca Matero, ca Chipata kapena ku UTH. M'njira wobvulala uja ayamba kuliza mkonono, ndipo omperekeza alimba mtima, poganiza kuti woliza mkonono ali kupuma bwino. Koma mkonono wa munthu wokomoka ndiwo cizindikiro cakuti njira ya mpweya iri kutsekeka. Madotolo a m'zipinda zolandirira obvulala adziwa kuti mwa anthu ofika atafa kale alipo ena amene mabala ao sanali oti n'kupha munthu. Cinawapha ndi lilime lao, magazi ao, kapena nsima imene anadya madzulo omwewo.

Ziwerengero za apolisi zinasonyeza kuti m'caka ca 2021 anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pamseu m'Zambia. Mseu wa Great North uli ndi mbiri yace yowawa: pa 7 February 2013, ku Chibombo, basi ya Post inaombana ndi lole, ndipo anthu oposa 50 anataya miyoyo. Ngozi zotere dziko lonse lizikumbukira. Koma zocuruka ndi zija za munthu mmodzi wogundidwa madzulo pobwera ku nchito, ndipo pa zotere moyo umadalira kwambiri m'mene munthuyo wagonekedwera pa mphindi zoyamba.

MPHAMBANO YA KUKHOSI

Kuseri kwa lilime kuli mphambano. Njira ya mpweya, ndiyo kholingo, iri kutsogolo ndipo itsikira ku mapapo. Njira ya cakudya, ndiwo m'mero, iri kumbuyo kwace ndipo itsikira kumimba. Pakhomo pa kholingo pali kacibvundikiro kamene kamatseka munthu akamameza. Munthu ali maso, kanthu kakangosocera n'kulowa ku kholingo, amatsokomola mwamphamvu mpaka katuruke. Koma akakomoka, kaya ndi kubvulala mutu, kaya ndi khunyu, kaya ndi mowa, alonda onsewa amagona. Minofu ya nsagwada imalefuka, ndipo ngati munthu ali cagada lilime limagwera m'mbuyo ndi kutseka njira. Magazi, malobvu ndi masanzi sizikwera phiri. Zimasonkhana pamalo otsika, ndipo kwa munthu wogona cagada malo otsikawo ndi pakhomo pa kholingo peni peni. Ubongo ukasowa mpweya wabwino kwa mphindi 4 kufika 6 uyamba kuonongeka, ndipo ubongo woonongeka subwerera.

Mukamtembenuza munthu yemweyo kuti agone cam'mbali, kamwa itapenya pang'ono pansi, zinthu zisintha. Lilime ligwera ku tsaya, ndipo zamadzi zituruka zokha pa ngodya ya milomo. Nzeru imeneyi si ya lero. Mu 1891 Dr Robert Bowles wa ku Folkestone ku Mangalande analemba za odwala a sitiroko oliza mkonono, nasonyeza kuti akawagoneka cam'mbali mkonono umaleka ndipo amapuma bwino. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 kufika 1918 madotolo a asilikali anaphunzira zomwezo mwa njira yowawa. Asilikali ophwanyika nsagwada ndi zipolopolo anali kufera pa macila asanafike ku cipatala, cifukwa onyamula macila, mwa cifundo cao, anali kuwagoneka cagada. Pamenepo kunaturuka langizo lakuti obvulala nkhope azinyamulidwa cam'mbali, cafufumimba, kapena atakhala tsonga ndi kuwerama.

KAPAIPI KA MPWEYA

Kugoneka munthu cam'mbali kumagula nthawi, koma sikuthetsa bvuto lonse. Wobvulala mutu kwambiri, amene sangathe kudzitetezera njira yace ya mpweya kapena amene apuma mofooka, afunika kuikidwa kapaipi m'kholingo. Kapaipi kameneka n'kapulasitiki, kopindika pang'ono. Ka munthu wamkulu mkati mwace mumakhala mwa mamilimita 7 kapena 8. Kamalowa pakamwa, kupyola pakati pa timinofu tiwiri totulutsa mau, ndipo kamaima pa masentimita 21 kufika 23 kuwerengera pa mano akutsogolo. Kunsonga kwace kuli kacibaluni kamene amakapopa kuti katseke mpata wonse wozungulira, kotero kuti mpweya upita ku mapapo koma masanzi alibe polowera. Kunja amalumikizako thumba lofinya ndi manja kapena makina opumitsa.

Kuti dotolo aone poika kapaipiko amagwiritsa nchito cida cochedwa laryngoscope, comwe ndi cogwirira cokhala ndi mabatire ndi citsulo cathyathyathya ca kanyale kunsonga. Cida cimeneci ciri ndi mbiri yaitali. Mu 1878 William Macewen wa ku Glasgow analowetsa paipi m'kholingo la wodwala mofufuza ndi zala zokha. Mu 1895 Alfred Kirstein wa ku Berlin anasonyeza kuti kholingo lingaoneke ndi maso molunjika. Itatha nkhondo yoyamba ija, Ivan Magill ndi Stanley Rowbotham anakonza bwino luso loika paipi pa cipatala ca ku Sidcup, kumene Harold Gillies anali kusoka nkhope za asilikali. Ndipo mu 1943 Robert Macintosh wa ku Oxford anapanga citsulo cokhota cimene cipezeka lero m'zipinda za opaleshoni za dziko liri lonse, kuphatikizapo za ku UTH ndi za ku Levy Mwanawasa.

Kaphunzitsidwe ka luso limeneli n'kamodzi pafupifupi pali ponse. Wodwala agona cagada, mutu pa pilo, cibwano citakwezeka pang'ono monga munthu wonunkhiza mphepo. Dotolo aima kumutu. Ayamba wapatsa wodwalayo oksijeni kwa mphindi 3 ngati nthawi ilola, ndipo pambuyo pace apereka mankhwala ogonetsa, monga ketamine, ndi ena olefula minofu, monga suxamethonium, amene amagwira nchito isanathe mphindi imodzi. Kuyambira pamenepo wodwala sapumanso yekha; moyo wace wonse uli m'manja mwa woima kumutu. Iye agwira laryngoscope ndi dzanja lamanzere, alowetsa citsulo ku mbali yamanja ya kamwa, akankhira lilime kumanzere, natukula nsagwada mpaka khomo la kholingo lioneke. Dzanja lamanja lilowetsa kapaipi. Wophunzira amacita zimenezi kambirimbiri mpaka manja ace azidziwa okha, koma nthawi zonsezo wodwala amakhala cagada.

Apa ndipo pagona nkhani. Kagonedwe kamene kampatsa dotolo mpata wabwino woona ndi komweko kamene kamasonkhanitsa magazi ndi masanzi pamalo ofuna kuonawo. Pa opaleshoni yokonzekera palibe bvuto lalikulu, popeza wodwala amauzidwa kuti asadye kwa maola 6. Koma ngozi sipangana ndi munthu. Wogundidwa pa Emmasdale nthawi ya 19 koloko angakhale atangodya kumene, ndiponso ululu ndi mantha zimaimitsa mimba kotero kuti cakudya cimakhalamo maola ambiri kuposa masiku onse. Kuopsa kwa masanzi olowa m'mapapo kunalembedwa momveka mu 1946 ndi Curtis Mendelson wa ku New York. Iye anapenda mbiri za amai 44,016 amene anacira pa cipatala cina ca mumzindawo kuyambira 1932 kufika 1945, napeza kuti 66 a iwo zam'mimba zinawalowa m'mapapo atagonetsedwa ndi mankhwala. Awiri anafa pomwepo atatsamwa ndi cakudya colimba, ndipo ena ambiri anadwala cifuwa coopsa cifukwa madzi owawasa a m'mimba amaocha mapapo.

AMENE SANGAGONEKEDWE CAGADA

Alipo odwala amene kuwagoneka cagada, ngakhale kwa mphindi imodzi, kuli ngati kuwamiza m'madzi. Woyamba ndi wophwanyika nkhope, amene magazi ali kuturuka m'mphuno ndi m'kamwa mosalekeza. Munthu wotere, ngati akali maso, amakana yekha kugona. Amalimbana ndi anamwino kuti akhale tsonga. Acibale amayesa kuti wasokonezeka mutu ndipo amathandiza kumpanikiza pa bedi, koma iye ali kumenyera mpweya wace, ndipo wanzeru amamleka akhale m'mene afunira mpaka zonse zitakonzeka.

Wina ndi wosanza magazi cifukwa ca zilonda za m'mimba kapena nthenda ya ciwindi. Wina ndi mwana amene wacotsedwa zotupa za kukhosi ndipo bala layambanso kukha magazi. Kwa ana otere madotolo akhala akuphunzitsidwa kuyambira kale njira yowagoneka ku mbali yamanzere, mutu utatsika pang'ono. Palinso amene mankhwala ophera tizirombo ta m'munda amlowa m'thupi, amene malobvu ndi thobvu zimangosefukira. Palinso wolasidwa kumsana ndi mpeni kapena citsulo cimene cikali comwemo: kucizula m'njira n'koletsedwa, pakuti ndico catseka mtsempha, ndipo kumgoneka pa ico n'kucikhomera m'kati. Khanda lobadwa ndi cotupa ca msana wosatsekeka bwino nalonso siligonekedwa pa cotupaco. Ndipo nthawi zina wodwala amakhala ali kale cam'mbali pa tebulo, opaleshoni ya ciuno kapena ya impso iri pakati, bala liri lotseguka, pamene mpweya wace uyamba kubvuta.

Amai apakati ali ndi cifukwa cao cina. Mimba ikapyola masabata 20, mai akagona cagada cibaliro cimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima, ndipo magazi amacepa kwa mai ndi kwa mwana yemwe. Ndico cifukwa cace azamba amagoneka kumanzere mai amene wagwidwa ndi msunjo wa kuthamanga kwa magazi, ndipo ngakhale pa tebulo la opaleshoni amampendeketsa pang'ono ku mbali yomweyo.

Nanga zidakwa? Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu ndi mowa wina waukali sizinathe. Mnyamata woledzera mpaka kukomoka, anzace akamponya pa bedi cagada ndi kutseka citseko kuti agone mowa uthe, angapezeke m'mawa atauma, ndipo anthu adzanena za ufiti kapena za poizoni pamene camupha ndi masanzi ace.

CIFUKWA NINJI KUMANZERE?

Pa odwala onga amenewa dotolo angasankhe kuika kapaipi munthu ali cam'mbali. Ngati pali mwai wosankha mbali, ambiri amasankha yamanzere, ndipo cifukwa cace ciri m'kapangidwe ka cida ca Macintosh. Citsuloco cinapangidwa kuti cizikankhira lilime kumanzere. Wodwala akagona ku mbali yamanzere lilime limagwera lokha komweko, ndipo mbali yamanja ya kamwa, imene kapaipi kamalowera, imakhala pamwamba, yopanda copinga. Akagona kumanja zonse zitembenuka: lilime ligwera m'njira ya kapaipi, ndipo dzanja lamanja la dotolo lipanikizika ndi matiresi. Kumanja n'kotheka ndithu, ndipo pamene bala liri kumanzere palibe kucitira mwina, koma n'kobvutirapo.

Nchitoyi si ya munthu mmodzi. Pansi pa mutu amaikapo pilo wokwanira kutalika kwa phewa, kuti khosi likhale loongoka ndi msana. Mthandizi mmodzi amacirikiza msana ndi ciuno kuti wodwala asagubuduke. Wina amagwira mutu, pakuti pogona cagada tebulo ndilo limaugwira, koma cam'mbali mutu umangotsata kumene citsulo cikokera. Wacitatu amagwira paipi ya makina oyamwa, ndipo ameneyu ndiye wofunika koposa pamene magazi ali ambiri. Bedi amalikweza kuti dotolo asawerame kwambiri, ndipo kumutu amakutsitsa pang'ono kuti zamadzi zitsikire kukamwa. Dotolo mwini ayenera kugonjetsa cizolowezi ca mkono wace. Masiku onse amatukulira citsulo kudenga. Tsopano ayenera kucikankhira ku cipupa, kumene nkhope ya wodwala yapenya. Ambiri amayamba alowetsa kandodo kopyapyala kochedwa bougie, kamene kamapeza njira ngakhale khomo lioneka pang'ono cabe, ndipo kapaipi kamatsetsereka pa iko.

Kapaipi kakalowa nchito sinathe. Kangathe kusocera ndi kulowa m'mero, ndipo pamenepo mpweya wonse upita kumimba, wodwala nafa anthu ali kuyesa kuti apuma. Kangathenso kupitirira ndi kulowa m'papo limodzi, kawirikawiri lamanja. Motero amamvetsera cifuwa mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti mbali yogonera imabvuta kumva. Umboni woposa wonse ndi wa makina ochedwa capnograph, amene amasonyeza mpweya woipa woturuka m'mapapo pa kupuma kuli konse. Kacida kopana cala koyesa oksijeni m'magazi n'kothandiza, koma kamacedwa kuulula cinsinsi. Pamene manambala ace ayamba kutsika mphindi zamtengo wapatali zimakhala zitapita kale.

ZOBVUTA ZACE SIZIBISIKA

Wina asaganize kuti njira ya cam'mbali iposa ya cagada pa zonse. Mu 2005 gulu la madotolo a ku Dublin ku Ireland, lotsogozedwa ndi Conan McCaul, linafalitsa zimene linapeza poyesa njirayi pa odwala a opaleshoni. Linaona kuti odwala atagonekedwa kumanzere, kholingo linaoneka mobvutirapo pa odwala 35 mwa 100 ali onse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene linaoneka bwino kuposa ali cagada. Kuika kapaipi kunalephereka pa odwala 8 mwa 39. Koma cida cina, cochedwa laryngeal mask, cinalephereka pa wodwala mmodzi yekha mwa 30. Cida cimeneci anacipanga Archie Brain wa ku London kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Sicilowa m'kholingo, cimangokhala pakhomo pace monga cibvundikiro ca mphika, ndipo cimalowetsedwa popanda kuyang'ana m'kati. Ubwino wace ndi kufulumira, koma siciteteza mapapo ku masanzi monga m'mene kapaipi kacitira, motero pa wodwala wa mimba yodzala cimangothandiza kuolokera.

Kuyambira mu 2001, pamene John Pacey wa ku Canada anaturutsa GlideScope, kwabwera ma laryngoscope okhala ndi kamera kunsonga, ndipo dotolo amayang'ana pa kagalasi m'malo mosuzumira m'kamwa. Zida zotere zimapeputsa nchito ya cam'mbali, popeza diso la kamera silisamala kuti munthu wagonera kuti. Koma dontho limodzi la magazi pa kamerayo liicititsa khungu, ndipo odwala ofunika kugona cam'mbali ndi omwewo odzala magazi m'kamwa. Cida cakale ca Macintosh sicinapume nchito.

Pali cinanso coyenera kukumbukira. Malangizo a bungwe la Difficult Airway Society la ku Britain a mu 2015 anati dotolo asayese kuika kapaipi koposa katatu, ndipo kacinai ayese wina womposa luso, pakuti kuyesa kuli konse kumatupitsa kukhosi ndi kuonjeza magazi. Zonse zikakanika ndipo mpweya sulowa, cotsala ndi kuboola pakhosi kutsogolo ndi kampeni. Nchito imeneyo ifuna wodwala ali cagada, khosi litatambasuka. Mtima ukaima, kupsinja cifuwa nakonso kufuna cagada. Cotero gulu loyamba nchito cam'mbali liyenera kupangana lisanayambe: ndani adzagwira mutu, ndani ciuno, ndipo ndi mau ati amene akanenedwa onse adzamtembenuza pamodzi.

Funso la khosi ndilo limabvutitsa ambiri. Wogundidwa ndi galimoto angakhale atathyoka fupa la khosi, ndipo kumtembenuza mosasamala kungampuwalitse moyo wace wonse. Mantha amenewa ndi oona, ndipo ndiwo anacititsa kuti kwa zaka zambiri obvulala azimangiriridwa cagada pa thabwa. Koma munthu wosapuma msana wace ulibe phindu. Ku Norway anchito a ambulansi amagwiritsa nchito njira yogoneka wobvulala wokomoka cam'mbali, mmodzi atagwira mutu kuti ukhale pa mzere umodzi ndi msana, ena namgubuduza thupi lonse pamodzi monga cipika. Njira imeneyi sifuna cida ca mtengo wapatali. Ifuna manja okwanira ndi munthu mmodzi wolamula.

M'MANJA MWA YANI?

Sukulu ya udotolo ya University of Zambia inayamba mu 1966, koma kwa zaka zambiri dziko linalibe maphunziro apamwamba a madotolo ogonetsa odwala. Katundu yense anamsenza ndi ma clinical officer ophunzitsidwa nchitoyi, ndipo kunja kwa zipatala zazikulu iwo ndiwo akali msana wace. Mu 2011 kunayamba maphunziro a digiri ya MMed ya luso limeneli pa UTH, mothandizana ndi madotolo a ku Britain, ndipo kuyambira pamenepo Zambia yakhala ikuturutsa akatswiri ace. M'zaka za pakati pa 2016 ndi 2021, ndi thandizo la dziko la Japan, zipatala za Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama zinalandira nyumba zatsopano ndi zipinda za opaleshoni. Kwa anthu a ku Emmasdale ici citanthauza kuti thandizo loyamba liri pafupi kuposa kale, ndipo si wobvulala ali yense ayenera kupyola mpanipani wa magalimoto wa m'tauni asanaonane ndi munthu wodziwa za mpweya.

Koma nyumba yatsopano siika kapaipi. Luso la cam'mbali liri ndi tsoka ili, kuti limafunika kamodzikamodzi, ndipo tsiku limene lifunika ndi tsiku loipitsitsa lophunzirirapo. Dotolo amene waika timapaipi mazana ambiri odwala ali cagada angapezeke ali mlendo pamaso pa wodwala wogonera kumanzere, usiku, magazi ali kusefukira. Mankhwala ace ndi kuyeseza. Zidole zophunzirira zingatembenuzidwe cam'mbali popanda kulipira ngwee ina iri yonse, ndipo wophunzira angayeseze pa izo pamodzi ndi anamwino amene adzagwira naye nchito, pakuti wogwira mutu ndi wogwira paipi yoyamwa afunika kuzolowera monga mwini laryngoscope. Palinso odwala a opaleshoni zokonzekera amene ayenera kugona cam'mbali ndithu; pa iwo, mphunzitsi ali pomwepo ndipo zonse ziri m'malo, wophunzira angaone m'mene kholingo limaonekera munthu atagonera mbali.

Za zida, cimene cimaiwalika kawirikawiri ndi makina oyamwa. Anthu amatama makamera ndi makina opumitsa, koma pa wodwala wodzala magazi m'kamwa, dotolo wopanda coyamwira ali ngati munthu wofuna singano m'madzi amatope. Cilala ca 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, cinakumbutsa onse kuti makina odalira magetsi afunika mnzace wopopa ndi phazi kapena ndi dzanja, wokhala pafupi ndiponso woyesedwa m'mawa uli wonse. Momwemonso mabatire a laryngoscope: kanyale kofiira ngati khala lozirala sikaonetsa kanthu m'kamwa modzala magazi.

KUMBUYO KWA VANETI

Zonsezi zicitika m'cipatala, koma wodwala ayenera kufikako ubongo wace ukali wamoyo, ndipo apo nchito iri m'manja mwa ogulitsa m'mbali mwa mseu, makondakitala ndi oyenda pansi a pa Emmasdale. Zimene mabungwe onga Zambia Red Cross Society amaphunzitsa pa thandizo loyamba n'zosabvuta kuzigwira. Coyamba ndi kuona ngati wobvulala apuma: kuyang'ana cifuwa, ndi kuika tsaya pafupi ndi kamwa yace. Ngati sapuma konse, agone cagada pamalo olimba ndipo wina ayambe kupsinja pakati pa cifuwa mwamphamvu ndi mofulumira. Ngati apuma koma sayankha, makamaka ngati aliza mkonono, asanza kapena aturuka magazi m'kamwa, atembenuzidwe cam'mbali. Mmodzi agwade kumutu, augwire ndi manja awiri, ndipo iye ndiye awerenge. Ena awiri kapena atatu agwire phewa, ciuno ndi miyendo, natembenuze thupi lonse nthawi imodzi, khosi losapotoka. Bondo lapamwamba alipinde kuti thupi lisagubuduke, ndipo pansi pa mutu aikepo jekete kapena citenje copindidwa.

Wokomoka sapatsidwa madzi, mkaka kapena cakumwa ciri conse, pakuti sangameze ndipo zonse zipita ku mapapo. Wogwa khunyu saikidwa supuni kapena cala m'kamwa. Amangomcotsera zinthu zomupweteka, ndipo kugwedezeka kukaleka amgoneka cam'mbali. Wobvulala nkhope amene afuna kukhala tsonga asakakamizidwe kugona. Cinthu cobaya cimene cikali m'thupi cisazulidwe.

Pokwera vaneti kagonedwe kameneka kasasinthe. Wogwira mutu akwere nao, akhale kumutu ulendo wonse, maso ace ali pa cifuwa ndi pakamwa, ndipo wina akhale kumsana kuti wodwala asagubuduke galimoto ikamakhota kapena ikamadumpha mahampu. Woyendetsa aloze ku cipatala capafupi, osati ca dzina lalikulu. Pofika, amene anagwira mutu asathamangire kubwerera. Auze namwino nthawi imene ngozi inacitika, ngati wobvulalayo analankhulapo pambuyo pace, ngati anasanza ndi kangati, ndiponso nthawi imene mkonono unayamba. Pa mau amenewo ndi pamene wogonetsa odwala adzadziwira ngati amtembenuze cagada kapena aitane athandizi atatu ndi kumuika kapaipi m'mene wagoneramo.